Firewall ikafunsa za pulogalamu yosadziwika: tilole, tikane, kapena tiyambe tafufuza?

Mlamu wanga, amene ndi msungichuma wa kalabu ya alimi a fodya cha ku Santhe, anandiimbira foni usiku wina m'nyengo ya malonda, ali pa laputopu yake kuwerengetsa mabelo amene kalabuyo inali itatumiza ku msika wa Chinkhoma. Ali m'kati mwa ntchitoyo, panatulukira kabokosi pa sikirini kolembedwa m'Chingerezi kuti "Windows Defender Firewall has blocked some features of this app", ndipo m'munsi mwake munali mabatani awiri, lina lolembedwa "Allow access", lina "Cancel". Dzina la pulogalamu imene inatchulidwa m'kabokosimo anali asanalionepo, ndipo funso lake linali lalifupi: "Alamu, ndidine pati kuti chinthuchi chichoke?" Ambiri a ife timafunsa chimodzimodzi, ndipo vuto lagona pa mawu akuti "chichoke", pakuti mabatani onse awiriwo amachotsadi kabokosiko, koma zimene amasiya m'mbuyo n'zosiyana kwambiri.

Tisanayambe kuyeza njira zimene munthu angatsate, tiyenera kumvetsa chimene firewall, mlonda wa kompyuta pa netiweki, ikufunsa, chifukwa anthu ambiri akaona kabokosika amaganiza kuti kompyuta yagwira vayirasi, pamene nkhani yake si imeneyo. Taganizirani za mpanda wa njerwa wozinga nyumba za lendi, wokhala ndi mlonda pageti. Malinga ndi mmene Windows imabwerera kuchokera kwa oipanga, aliyense wokhala m'kati mwa mpandawo ali ndi ufulu wotuluka, ndipo akatuma mwana ku msika, mwanayo amaloledwa kulowanso ndi zimene wagula. Koma mlendo wongotulukira popanda womuitana amabwezedwa pageti pomwepo. Kabokosi kaja kamabwera pamene pulogalamu ina yapempha kuti izidikira ndi kulandira alendo ochokera kunja kwa kompyuta, monga wa lendi amene akufuna kuboola khomo lakelake pa mpanda kuti anthu ake azimupeza osadzera pageti. Mlonda sakunena kuti wa lendiyo ndi wakuba, ndiponso sakumuikira umboni kuti ndi munthu wabwino. Akungofunsa mwini malo ngati akuvomereza khomo latsopanolo.

Pamenepa pali mfundo ziwiri zimene zikhudza njira iliyonse imene tingasankhe. Yoyamba ndi yakuti ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, monga kutsegula masamba a pa intaneti, kutumiza imelo, kuona Facebook kapena kumvera nyimbo pa YouTube, sizifuna khomo lolowera alendo, chifukwa pa ntchito zonsezi kompyuta yanu ndi imene imayamba kulankhula, ndipo yankho limabwera ngati mwana wotumidwa uja. Yachiwiri, imene anthu sakonda kuimva, ndi yakuti firewall ikakhala chete sizitanthauza kuti m'nyumba muli mtendere. Pulogalamu yoipa imene ntchito yake ndi kungotumiza zinthu zanu kunja sidzafunsidwa kanthu ndi firewall ya Windows, popeza otuluka saimitsidwa pageti.

Ndi bwinonso kusiyanitsa kabokosika ndi tina timene timafanana nako, chifukwa yankho loyenera kamodzi silingayenere kena. Pali kamene kamadetsa sikirini yonse n'kufunsa kuti "Do you want to allow this app to make changes to your device?", kameneka si ka firewall, koma kakufunsa ngati pulogalamu ipatsidwe mphamvu zosintha zinthu m'kati mwa Windows, ndipo kulakwitsa pamenepa n'koopsa kuposa kulakwitsa pa firewall, chifukwa pulogalamu yopatsidwa mphamvu zimenezi ingathe kudziboolera yokha khomo pa mpanda popanda kukufunsaninso. Pali kena kabuluu kolembedwa "Windows protected your PC", kamene kamachenjeza za fayilo yotsitsidwa pa intaneti imene Microsoft saidziwa bwino. Ndipo pali chenjezo labodza limene limatulukira m'kati mwa Chrome kapena Edge, nthawi zina ndi phokoso, likunena kuti kompyuta yanu yadzaza mavayirasi ndipo muimbe nambala yakuti. Machenjezo enieni a Microsoft sakhala ndi nambala ya foni yoti muimbe, choncho limeneli silifuna kuyankhidwa: tsekani tsambalo, ndipo likakana kutsekeka, tsekani pulogalamu yonse kudzera mu Task Manager, chida cha Windows chotsekera mapulogalamu okakamira.

Njira imene ambiri amatsata, ngakhale sanaisankhe mwadala, ndi yodina "Allow access" nthawi zonse. Kunena chilungamo, ili ndi ubwino wake: palibe chimene chimakana kugwira ntchito, pulinta yopanda nthambo imapezeka msanga, pulogalamu yotumizirana zithunzi pakati pa foni ndi laputopu, monga SHAREit, imalumikizana bwinobwino, ndipo nthawi zambiri pulogalamu imene yafunsayo imakhala yabwino ndithu. N'chifukwa chake chizolowezichi chimazika mizu, popeza munthu amalola kambirimbiri osaona choipa chilichonse. Mtengo wake umabisika m'chakuti chilolezocho si cha tsiku limodzi. Mukadina batani limenelo, Windows imalemba lamulo limene limakhalabe pamenepo mpaka wina atalifufuta, ndipo pulogalamuyo sidzakufunsaninso. Ngati inali pulogalamu yolola munthu wakutali kuyendetsa kompyuta yanu, ndiye kuti mwamutsegulira khomo ndi dzanja lanu, ndipo m'kompyutamo muli mapasiwedi amene Chrome inasunga, zikalata za ku banki, zithunzi za chiphaso cha unzika, ndi mndandanda wa anthu amene mumawatumizira ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money.

Pali kanthu kena m'kabokosi komweko kamene anthu sakayang'ana n'komwe, koma ndi kamene kamasiyanitsa kulola mwanzeru ndi kulola mwachimbulimbuli. Pamwamba pa mabatani aja pamakhala malo awiri ochongapo, ena a "Private networks" ndi ena a "Public networks". Pa Windows 11 yatsopano mawu asintha pang'ono, ndipo mumayenera kudina "Show more" kuti muwaone. Netiweki ya Private ndi imene mwaiuza kompyuta kuti ndi ya pakhomo panu, monga router kapena MiFi imene pasiwedi yake ikudziwika ndi a m'banja mwanu okha. Ya Public ndi ya malo amene simudziwa amene mwalumikizana nawo, monga Wi-Fi ya ku malo ogona alendo, ya ku ofesi ya anthu ena, kapena ya kusukulu. Kwa ife amene timalowa pa intaneti kudzera pa hotspot ya foni, munthu wa kutali sangafike pa laputopu yathu mosavuta, chifukwa foniyo ndi netiweki ya kampani zimaima pakati. Ngozi yeniyeni imadza tikanyamula laputopu yomweyo n'kukailumikiza pa Wi-Fi imene pali makompyuta a anthu ena. Wochonga malo onse awiri amakhala wanyamula khomo lake lotsegula kupita nalo kulikonse.

Njira yachiwiri ndi yozimitsa firewall yonse kuti isavutitsenso, ndipo sindiona chifukwa chotayira nthawi kuifunira ubwino, pakuti mbiri inaiweruza kale. Windows XP itatuluka mu 2001 inali ndi firewall, koma inkabwera yozimitsa. Mu August 2003 kachilombo kotchedwa Blaster kanafalikira m'makompyuta ambiri padziko lapansi popanda eni ake kudina chilichonse: kankangogogoda pa khomo lina lotsegula la Windows n'kulowa, ndipo kompyuta inkayamba kuwerenga masekondi 60 n'kudzizimitsa yokha. Mu 2004 kanabwera kena kotchedwa Sasser, kolembedwa ndi mnyamata wa ku Germany, kamene kanachitanso zofanana. M'chaka chomwecho Microsoft inatulutsa Service Pack 2 ya Windows XP, imene inayamba kuyatsa firewall yokha pa kompyuta iliyonse. Phunziroli linabwerezedwa mu May 2017, pamene vayirasi yotchedwa WannaCry inalowa kudzera pa khomo la 445, limene Windows imagwiritsa ntchito pogawana mafayilo, n'kutseka mafayilo a anthu m'maiko oposa 150, kuphatikizapo zipatala za boma ku Britain, ikufuna dipo la madola 300 pa kompyuta iliyonse. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka mpata umenewo mu March chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike.

Nkhani ya chigambayi ikutikhudza kwambiri kuno kwathu, kumene malaputopu ambiri ndi a kaunjika ndipo eni ake amazimitsa Windows Update poopa kutha kwa bandulo. Windows 7 inasiya kulandira zigamba pa 14 January 2020, ndipo Windows 10 inafika kumapeto kwa chithandizo chake cha nthawi zonse pa 14 October 2025. Pa kompyuta yotere firewall ndi imodzi mwa zotchinga zochepa zimene zatsala, motero munthu wokuuzani kuti muizimitse kuti pulinta igwire ntchito akukuuzani kuti mugwetse mpanda wonse chifukwa cha mlendo mmodzi amene akanatha kulowa pa khomo laling'ono.

Njira yachitatu ndi yodina "Cancel" nthawi zonse, osaganizanso zambiri. Imaoneka ngati ya munthu wamantha, koma pa njira zitatu zosafuna kufufuza, imeneyi ndi yokhayo imene ndingalimbikitse munthu wotanganidwa kapena wosazolowera kompyuta. Mphunzitsi amene akulemba malikisi a ana usiku, magetsi atatsala pang'ono kuzima, sataya kanthu akakana: Word ndi Excel zigwirabe ntchito, imelo ipitabe, ndipo ngakhale pulogalamu imene yakanizidwayo nthawi zambiri imapitiriza ntchito zake zina zonse. Chachikulu n'chakuti kukana kumabwezeka mosavuta, pamene zimene zingalowe chifukwa cha kulola sizibwezeka.

Komabe njira imeneyi ili ndi misampha iwiri. Mukakana, Windows imalembanso lamulo, koma loletsa, ndipo sidzakufunsaninso za pulogalamuyo. Pakapita miyezi itatu, mukafuna kuti pulinta itumize pepala losikanidwa ku laputopu n'kukana, simudzakumbukira kuti munatseka nokha khomolo, ndipo mungalipire munthu kukonza chinthu chosawonongeka. Mankhwala ake ndi osavuta: tsegulani Windows Security, pitani pa "Firewall & network protection", kenako pa "Allow an app through firewall", dinani "Change settings", ndipo mupeza dzina la pulogalamuyo pa mndandanda kuti muchonge pa Private. Msampha wachiwiri ndi waukulu, chifukwa kukana sikuchotsa pulogalamuyo m'kompyuta. Ngati inali yoipa, mwangoiletsa kulandira alendo, koma idakali m'nyumba, ndipo geti lotulukira lili chitsegulire.

N'chifukwa chake njira imene ndimaiona yoposa zonse ndi yachinayi: kuyamba mwakana, kufufuza mosathamanga, kenako n'kulola pa Private pokha ngati pali chifukwa chomveka. Musanadine "Cancel", jambulani kabokosiko ndi foni, chifukwa m'menemo muli zinthu zitatu zimene zingakuthandizeni, ndipo kakachoka n'kovuta kuzikumbukira: dzina la pulogalamu, dzina la kampani imene inaipanga pa mzere wa "Publisher", ndi malo amene fayiloyo ikukhala m'kompyuta pa mzere wa "Path". Koma musanafike n'komwe pa zolembedwazo, dzifunseni funso la nthawi. Kodi kabokosika katuluka nditangotsegula kapena nditangoika pulogalamu imene ndikuidziwa? Ngati mwangoika pulogalamu ya pulinta ya Canon kapena Epson, ndipo kabokosi katchula dzina lomwelo, zinthu zikugwirizana. Ngati katuluka mutangoyatsa kompyuta, kapena mutangolowetsa fulashi imene inakasindikizitsa mapepala kwina, kapena muli pa ntchito yosakhudzana ndi intaneti, pamenepo m'pofunika kuchenjera.

Mzere wa "Path" ndi umene umaulula zambiri. Mapulogalamu oikidwa mwadongosolo amakhala mu C:\Program Files kapena mu C:\Program Files (x86), ndipo mafayilo enieni a Windows amakhala mu C:\Windows\System32. Fayilo imene ikupempha khomo ili mu foda ya Temp, mu Downloads, kapena pa fulashi, ili ngati munthu wopempha makiyi a nyumba pamene alibe n'chipinda chomwe m'menemo. Olemba mavayirasi amakonda kubwereka maina a mafayilo a Windows, makamaka svchost.exe, nthawi zina atasinthako chilembo chimodzi kuti diso lisazindikire, svchost.exe yeniyeni malo ake ndi m'foda ya Windows, osati mu Temp. Apa pafunika kusamala pang'ono kuti tisaweruze osalakwa, chifukwa mapulogalamu ena odziwika bwino, monga Zoom ndi Telegram, amadziika okha mu AppData\Roaming, ndipo kukhala kumeneko si mlandu. Chimene chimapereka chikaiko ndi kukumana kwa zizindikiro zingapo: malo achilendo, dzina lopanda tanthauzo kapena lobwereka, ndi "Publisher" wolembedwa kuti "Unknown".

Dzina la kampani mungalitsimikize popita pa fayiloyo, kudina batani la kumanja la mbewa, kusankha "Properties", n'kuyang'ana ngati pali tsamba la "Digital Signatures". Siginecha imeneyi ili ngati chidindo cha pa kalata: imasonyeza amene anatulutsa fayiloyo ndiponso kuti sinasinthidwe m'njira. Makampani akuluakulu amadinda mapulogalamu awo, choncho fayilo imene ikudzitcha ya Google kapena ya Adobe koma ilibe chidindo ikunama. Kusowa kwa chidindo pa kapulogalamu kakang'ono kolembedwa ndi munthu payekha si umboni wa kuipa, koma si chifukwanso choti kapatsidwe khomo.

Ngati muli ndi bandulo yokwanira, pali tsamba la VirusTotal, limene linayamba mu 2004 ku Spain ndipo linagulidwa ndi Google mu 2012. Mukatumizako fayilo, imayesedwa ndi ma antivirus makumi angapo nthawi imodzi, ndipo mumaona angati aiona kuti ndi yoipa. Mmodzi kapena awiri akadandaula pamene ena onse ali chete, nthawi zambiri kumakhala kulakwitsa kwa iwowo. Koma akadandaula makumi awiri, nkhani yatha. Chenjezo lofunika n'lakuti zimene mwatumiza kumeneko zingaonedwe ndi akatswiri ofufuza amene amagwiritsa ntchito tsambalo, motero tumizani fayilo ya pulogalamu yokha, osati chikalata cha malipiro a antchito kapena mndandanda wa mamembala a kalabu. Wopanda bandulo asadandaule, chifukwa antivirus ya Microsoft Defender imene ili kale m'kompyuta ingathe kuyesa fayiloyo. Ndipo ngati chikaiko n'chachikulu, pali "Microsoft Defender Offline scan", imene imazimitsa kompyuta n'kuiyesa Windows isanadzuke, nthawi imene vayirasi sinayambe kudzibisa. Imatenga pafupifupi mphindi 15, choncho yambani mwaona kuti batire lili ndi moto wokwanira.

Usiku ule ndinawauza alamu kuti ajambule kabokosiko, adine "Cancel", n'kunditumizira chithunzicho pa WhatsApp. Dzina linali lofanana ndi svchost koma losowa chilembo chimodzi, "Publisher" anali "Unknown", ndipo fayiloyo inali mu AppData\Local\Temp. Nditawafunsa zimene anachita tsikulo, anati masana anakasindikizitsa mafomu pa shopu ina pa Kasungu boma, ndipo atabwerera kunyumba anapeza mafoda a pa fulashi asanduka ma shortcut, n'kudina limodzi pofuna kutsegula mafomuwo. Anayendetsa Defender m'mawa mwake, ndipo inagwira kanthuko pamodzi ndi kena pa fulashipo. Chimene chinandikhalira m'mutu n'chakuti firewall sinadziwe kuti ndi vayirasi. Inangofunsa funso lake la masiku onse, ndipo likanayankhidwa mothamanga, palibe akanabwereranso kukayang'ana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa wofunsayo anali makina, ndipo amene akanadya phula ndi woyankha.

Njira yachinayiyi ili ndi mtengo wake, umene ndi nthawi ndi kuleza mtima. Kufufuza koyamba kungakutengereni theka la ola, ndipo si aliyense angakonde kuyenda m'mafoda a maina a Chingerezi. Koma kabokosika sikabwera tsiku ndi tsiku; pa kompyuta yathanzi kamangooneka pamene mwaika chinthu chatsopano, ndipo mukazolowera, kuwerenga mizere itatu ija sikutenga mphindi imodzi.

Njira yachisanu ndi yoika firewall ina pamwamba pa ya Windows kapena m'malo mwake. Maina odziwika ndi ZoneAlarm, Comodo Firewall, GlassWire, simplewall ndi TinyWall. Chimene zimaposera ya Windows n'chakuti zimayang'ananso otuluka, ndiye kuti zimatseka mpata waukulu uja umene tinautchula poyamba, ndipo GlassWire imasonyeza bwino pulogalamu imene ikudya bandulo. Kwa munthu amene amadziwa zimene mafayilo a Windows amachita, zimenezi ndi zida zabwino kwambiri. Kwa banja wamba, ine ndimakayikira. Firewall yofunsa za otuluka imafunsa kambirimbiri m'masiku oyamba, ndipo mafunso ake ambiri amakhala a mafayilo enieni a Windows okhala ndi maina osamveka. Mukakana lolakwika, Windows Update kapena Wi-Fi imasiya kuyenda, ndipo mukatopa mumayamba kulola zonse, n'kubwerera ku njira yoyamba ija muli ndi pulogalamu yowonjezera imene ikulemetsa laputopu yakale. TinyWall inasankha kusafunsa n'komwe, imangoletsa chilichonse chimene simunachilembe pa mndandanda wa zololedwa, zimene zimathetsa kutopa ndi mafunso koma zimafuna kuti pakhomo pakhale munthu wodziwa chifukwa chimene pulogalamu yatsopano yakanira kulumikizana.

Ngati cholinga chanu chenicheni ndi kusunga bandulo osati kugwira akuba, Windows ili kale ndi njira yopepuka: pa netiweki ya hotspot yanu yatsani "Metered connection", ndipo idzachepetsa zimene imatsitsa mwakachetechete. Ingokumbukirani kuti zigamba zija zikufunikabe, choncho patulani tsiku limodzi pa mwezi, mwina pamene mwagula bandulo yaikulu, kuti Windows Update imalize ntchito yake.

Njira yotsiriza ndi yonyamula laputopu kupita nayo kwa wokonza makompyuta. Pa kabokosi kamodzi kamene mwakana ndipo Defender sinapeze kanthu, ulendowu ndi wongotaya ndalama, makamaka kwa wochokera ku Chulu kapena ku Chamama amene ayenera kulipira galimoto kupita ndi kubwera. Koma pali zizindikiro zimene zimafuna dzanja la wodziwa: timabokosi tikumabwerabwera ndi maina osiyanasiyana, Defender yazima yokha ndipo ikukana kuyaka, mbewa ikuyenda popanda woigwira, kapena anzanu akulandira mauthenga amene inu simunatumize. Zikafika pamenepo, chotsani kaye kompyutayo pa intaneti, sinthani mapasiwedi anu onse pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, ndipo ngati ndalama zasowa, dziwitsani banki kapena kampani ya foni ndi apolisi. Kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti okonza ena ali ndi mankhwala amodzi pa matenda onse, amene ndi kufomata. Kufomata kumachotsadi vayirasi, koma kungapite ndi mafayilo anu ngati simunawasunge pena, ndipo kawirikawiri kompyuta imabwerera itaikidwa Windows ndi Office zosagulidwa, pamodzi ndi kapulogalamu kozinamiza kuti zinalipiridwa. Timapulogalamu totere timafuna kuti antivirus izimitsidwe kuti tigwire ntchito, ndipo tambiri timene timapezeka pa intaneti timabwera titanyamula zina m'thumba, motero mumabwerera kunyumba ndi gwero la timabokosi tatsopano. Wokonza wabwino sakwiya mukamufunsa kuti akuuzeni mapulogalamu onse amene waika, ndiponso kuti akusonyezeni, musanachoke pa shopu, kuti firewall ndi Defender n'zoyaka.

Pa kompyuta ya pakhomo imene imagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, funso lalikulu si lakuti njira yabwino ndi iti, koma lakuti kabokosiko kadzapeza ndani pampando. Bambo angathe kukhala wosamala, koma mwana wa Fomu 2 amene waika masewera otengedwa kwa mnzake adzadina chilichonse chimene chingamubwezere ku masewerawo. Apa Windows ili ndi yankho limene ndi anthu ochepa amene amaligwiritsa ntchito: kutsegulira ana akaunti yawoyawo ya mtundu wa "Standard user". Pa akaunti yotere munthu sangalole pulogalamu kudutsa firewall popanda pasiwedi ya mwini kompyuta, ndiye kuti ana amakhala pa njira yachitatu mosasankha, ndipo mkulu amene ali ndi pasiwediyo amatsata yachinayi akapeza mpata. Kwa agogo kapena aliyense amene Chingerezi cha pa sikirini chimamuvuta, lamulo la "jambulani, kanani, tumizani chithunzicho kwa wodziwa" ndi lokwanira. Mwini shopu yosindikiza mapepala, amene makompyuta ake ayenera kuonana ndi mapulinta, sangapewe kulola, koma alole pa Private pokha, ndipo Wi-Fi ya makasitomala isakhale yomweyo imene pali makompyuta a ntchito.

Pali chinthu china chimene tinachipeza pa laputopu ya alamu patapita masiku, chimene chikukhudza aliyense wogula kompyuta yakale. Titatsegula mndandanda wa mapulogalamu ololedwa kudutsa firewall, tinapezamo maina ambiri amene iwo anali asanawamvepo: masewera, pulogalamu yotsitsira mafilimu, ndi ina yoyendetsera kompyuta kuchokera kutali, ambiri mwa iwo atachongedwa pa Private ndi pa Public pomwe. Anali mayankho a mwini wake woyamba, amene anabwera pamodzi ndi laputopuyo. Tinayamba tachotsa mapulogalamu amene sankawafuna, kenako pa tsamba lomwe lija la "Firewall & network protection" tinadina "Restore firewalls to default", zimene zimafufuta malamulo onse owonjezeredwa n'kubwezera mpanda mmene unalili poyamba. Zikatero timabokosi timayambanso kubwera kamodzikamodzi, pamene pulogalamu iliyonse ikupemphanso khomo lake. Koyamba kanabwera Loweruka lotsatira, alamu akulumikiza pulinta ya kalabu: dzina linali la kampani ya pulintayo, fayilo inali mu Program Files, ndipo anachonga pa Private pokha osandiimbiranso foni.